Amayi akukana kuyenda chithyokereni fupa la m'chiuno: tiwathandize bwanji?

Funso

Amayi anga ali ndi zaka 78. Anaterereka pochokera kubafa nthawi ya mvula n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawachita opaleshoni, anawaika chitsulo, ndipo papita miyezi iwiri ndi theka. Titapita kukaonetsa, adokotala anawajambula n'kunena kuti fupa likugwirana bwino, azipondera mwendowo. A mafizo anatipatsa pepala la masewera oti azichita kunyumba. Koma amayi sakufuna. Amangokhala pabedi, tikawauza amati, "Ndisiyeni, ndakalamba ine." Chitsulo choyendera chimene tinagula chili pakona. Ife timawachitira zonse, sitiwasowetsa kanthu. Kale anali munthu wosakhala pansi, wa kudimba ndi ku Mvano. Kodi ndi ulesi wa ukalamba, kapena tiwakakamize?

Yankho

Mayi, umenewu si ulesi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulawirira kudimba sasanduka mlesi m'miyezi iwiri. Chilipo chimene chawagwira, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kuchipeza. Kukakamiza kumangobala mkangano. Mayi wa zaka 78 akauzidwa zochita ndi mwana amene anamubereka kumbuyo, amaumitsa khosi ngakhale mumtima akudziwa kuti mwanayo akunena zoona. Komabe kuwasiya pabedipo n'koopsa kuposa mmene mabanja ambiri amaganizira, choncho ndiyambe ndi zimenezo.

Thupi la munthu wachikulire silichedwa kutha akagona. M'chaka cha 2007, akatswiri ku America anagoneka pabedi kwa masiku 10 anthu athanzi a zaka pafupifupi 67, osadwala kanthu. Podzuka, pa avereji munthu anali atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo, ndipo mphamvu yowongolera bondo inali itatsika ndi pafupifupi 16 peresenti. Awa anali anthu abwinobwino, akudya mokwanira. Nanga amayi anu amene anathyoka, anataya magazi pa opaleshoni, ndipo agona masabata 10? Akamati miyendo ilibe mphamvu sakunama. Ndiye pamabwera mzere woipa: mphamvu zikachepa kuimirira kumavuta, kuimirira kukavuta munthu amagona, akagona mphamvu zimapitirira kuchepa. Pambali pa zimenezo kugona kumaitana chibayo, kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, zilonda za kumatako ndi kuzidendene, kudzimbidwa, ndi matenda a m'chikhodzodzo. N'chifukwa chake malangizo a zipatala za ku Britain amati munthu wothyoka fupa limeneli adzutsidwe tsiku lotsatira opaleshoni, osadikira kuti bala lipole. M'maiko amene amawerenga bwino odwala otere, anthu 20 mpaka 30 mwa 100 alionse amamwalira chaka chisanathe. Ambiri a iwo amakhala kuti anali kale ndi matenda ena, koma kugona kumakankhira komweko. Sindikunena izi kuti muchite mantha. Ndikufuna muone kuti chitsulo chili pakonacho ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo sakumwedwa.

Za "ndakalamba ine" zili ndi yankho lomveka. M'chaka cha 1990, Dr Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anatenga anthu 10 ofooka a zaka 86 mpaka 96, okhala m'nyumba yosamalira okalamba, n'kuwaphunzitsa kunyamula zolemera ndi miyendo kwa masabata 8. Mphamvu zawo zinakwera ndi 174 peresenti, kutanthauza kuposa kuwirikiza kawiri. Kwa othyoka fupa la m'chiuno enieni, kafukufuku wa ku St. Louis wa 2004 pa anthu 90 anaonetsa kuti amene anapitiriza masewera olimbitsa minofu kwa miyezi 6, katundu akuwonjezeredwa pang'onopang'ono, anayenda bwino ndi kudzidalira kuposa amene anangochita timasewera topepuka. Wina wa ku Boston wa 2014 pa anthu 232 anapeza kuti ngakhale masewera ochitira kunyumba, oyamba munthu atamaliza kale thandizo la kuchipatala, amasintha kayendedwe. Choncho miyezi iwiri ndi theka sikuchedwa. Fupa limagwirana m'miyezi pafupifupi itatu, koma mphamvu ndi kayendedwe zimapitiriza kubwerera mpaka chaka.

Tsopano chawagwiracho n'chiyani? Khalani nawo pansi nthawi imene mulibe changu, popanda ana ndi alendo, muwafunse mwaulemu: "Amayi, mukati muimirire mumamva bwanji?" Mukafunsa, tsekani pakamwa mumvetsere. Yankho lawo ndilo likuuzeni njira.

Akatchula ululu, umenewo ndi wosavuta kuuchepetsa. Achikulire athu ambiri amabisa ululu poopa kuvutitsa ana, ena amaopa kuti mapiritsi awazolowera. Panado womwedwa theka la ola kapena ola limodzi masewera asanayambe amathandiza kwambiri. Mlingo wake mufunse kuchipatala, chifukwa munthu wochepa thupi, wosakwana makilogalamu 50, sayenera kumwa wofanana ndi wa munthu wamkulu thupi. Bufeni, Indocid ndi diclofenac musagule pagolosale n'kumawapatsa tsiku ndi tsiku. Kwa okalamba amawononga impso, amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kukweza BP. Muwauzenso kuti kuphwanya kwa minofu pambuyo pa masewera, kumene kumatha pofika mawa lake, si chizindikiro choti chitsulo cha m'chiuno chasuntha.

Akatchula chizungulire kapena mdima m'maso, n'kutheka kuti magazi amatsika akaimirira, zimene zimachitika kawirikawiri kwa munthu amene wagona nthawi yaitali, makamaka ngati akumwa mankhwala a BP kapena akumwa madzi ochepa poopa kupita kuchimbudzi. N'kuthekanso kuti magazi ndi ochepa m'thupi chichitikireni opaleshoni. Apiteni akawayeze BP atagona ndi ataimirira, akawayezenso kuchuluka kwa magazi ndi shuga. Kunyumba azidzuka mwa magawo: akhale kaye m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi kwa mphindi ziwiri, agwedeze akakolo, kenako aimirire.

Nthawi zambiri chimene chimatuluka ndi mantha, ndipo apa ndichedwepo. Ife amene sitinathyokepo timaona ngati kugwa kunatha tsiku lomwe lija. Kwa amayi anu sikunathe. Amakumbukira phazi likuchoka pansi, kulira kwa fupa, kugona pamatope akuitana, kunyamulidwa ndi anthu atangovala chitenje cha kubafa, galimoto ikudumpha m'mabampu mwendo uli lendelende. Akangoika phazi pansi zonsezo zimabwerera, thupi limauma, mpweya umathamanga, ndipo munthu wouma thupi amadzandiradi. Ndiye amati, "Mwaona? Sindingathe." Mantha otere sachoka ndi mawu akuti "musaope." Amachoka thupi likaona lokha, mobwerezabwereza, kuti laimirira ndipo silinagwe. Choncho masiku oyambirira cholinga chisakhale mtunda. Chikhale kuimirira ali otetezeka kotheratu: chitsulo choyendera kutsogolo, mpando kumbuyo, inu kumbali ya mwendo wovulala, chitenje chomangidwa molimba m'chiuno mwawo inu mutachigwira kumsana. Musawakoke mikono kapena kuwagwira m'khwapa, chifukwa mumawachotsa pamapazi awo ndipo mungawavulaze phewa.

Palinso mantha ena amene satchulidwa pagulu. Achikulire ena amakhulupirira kuti fupa silingathyoke ndi kugwa kwa pakhomo popanda dzanja la munthu, ndiye amaona kuti kulimbikira n'kutaya nthawi. Musawaseke. Afotokozereni chimene chinachitika: mzimayi akasiya msambo mafupa amayamba kupepuka ndi kuchita timibowo mkati, ngati mtanda wa denga umene wafumbwa, kunja ukuoneka wabwino koma mkati muli ufa. Ndi matenda odziwika, amagwira amayi ambiri kuposa abambo pa dziko lonse, ndipo ali ndi chithandizo. Munthu akamvetsa chimene chinamuthyola, mtima umakhala m'malo.

Mawu akuti "ndisiyeni" ndimawatenganso mosamala pa chifukwa china. Ngati amayi sakudya bwino, sakugona usiku, salabadiranso zidzukulu kapena wailesi, amalira okha, kapena amanena kuti kuli bwino angofa asiye kuvutitsa anthu, kumeneko ndi kudwala kwa maganizo kumene kumabwera kawirikawiri pambuyo pa ngozi yotere. Si kusowa chikhulupiriro ndipo si kudzimvera chisoni. Kumachizika, koma mukauze a chipatala momveka, chifukwa sadzafunsa okha. Ngati asokonezeka mwadzidzidzi, kuiwala pamene ali kapena kuona zinthu zimene palibe, makamaka usiku, pitani nawo tsiku lomwelo. Kawirikawiri pamakhala matenda ena monga a m'chikhodzodzo kapena chibayo.

Ndibwere ku chiganizo china cha m'kalata yanu, chimene mwalemba ndi mtima wabwino: "Timawachitira zonse." Pamwambo wathu mwana wolongosoka salola kholo lake kugwira ntchito iye alipo, ndipo anthu akabwera kudzazonda n'kupeza agogo akudzithira okha madzi, mumamva manyazi ngati mwawataya. Ndikumvetsa. Koma taonani tsiku la amayi anu mmene lilili. Madzi osukusula amabwera pabedi. Phala limabwera pabedi. Chitini chimabwera pabedi. Alendo amalowa kuchipinda. Akati atenge mpango, mdzukulu wathamangira kale. Kodi munthu ameneyu adzukirenji? Kuwonjezera apo, amene anali mwini khomo, wolamula za mbewu ndi za maukwati, tsopano palibe amene amamufunsa kanthu kupatula "mwadzuka bwanji." Chikondi chotere chimalanda munthu miyendo ndi udindo nthawi imodzi. Simukuyenera kuchepetsa chikondi. Musinthe kumene mukuchiika. Chimene angathe kuchita okha, ngakhale mochedwa, achite okha inu muli pambali. Gwirizanani zimenezi ndi onse a pakhomo, ndipo mufotokozere abale ndi a kumpingo kuti ndi lamulo la kuchipatala, kuti wina asadzakuneneni nkhanza.

Akatswiri amene afufuza za chidwi cha okalamba pa masewera, monga Barbara Resnick wa ku yunivesite ya Maryland ku Baltimore amene anagwira ntchito ndi amayi othyoka fupa lomweli, amatsamira pa mfundo ya katswiri wa maganizo Albert Bandura. Mwachidule, munthu asanachite chinthu chovuta amadzifunsa mafunso awiri: "Kodi ndingathe?" ndi "Ndikachita ndipindulanji?" Pepala la masewera siliyankha funso lililonse mwa awiriwa. Kukweza mwendo kakhumi pabedi kulibe tanthauzo kwa mayi amene kwa iye kugwiritsa ntchito thupi ndi kulima, kusinja ndi kutunga madzi. Mwina amaonanso ngati ndi zachibwana.

Funso lachiwiri liyankheni ndi zimene mwandiuza nokha: dimba ndi Mvano. Afunseni chimene akuchisowa kwambiri, ndipo asankhe okha. Akati kutchalitchi, werengani limodzi zofunika kuti akafikeko: kudzuka pampando, kuyenda mpaka pakhomo, kutsika sitepe ya pakhonde, kufika pamsewu, kukwera galimoto, kukhala pabenchi maola awiri n'kudzukanso. Chilichonse mwa zimenezi chikhale cholinga cha sabata kapena masabata angapo. Mukatero simudzanenanso kuti "tiyeni mupange mafizo," mudzati "tiyeni tikonzekere za kutchalitchi." Amayi a Mvano akabwera, asalowe kuchipinda, akhale pakhonde, ayambe nyimbo, ndipo amayi atuluke kukawalandira. Ngati mumpingo kapena m'mudzi muli wachikulire wina amene anathyokapo n'kuyendanso, mupempheni adzacheze nawo. Mawu a munthu wa msinkhu wawo amene wadutsamo amalowa pamene mawu anu ndi anga sangalowe.

Funso loyamba, lakuti "kodi ndingathe," limayankhidwa ndi kupambana kwakung'ono kooneka ndi maso. Ambiri timadikira kuti chidwi chibwere kaye kenako munthu ayambe. Zimene ndaona n'zakuti munthu amayamba monyinyirika, akaona kuti watha, chidwi n'kumabwera pambuyo. Choncho tsiku loyamba pemphani chinthu chochepa kwambiri moti sangalephere. Mdzukulu atenge kope la kusukulu azilemba tsiku lililonse: aimirira kangati, ayenda kufika pati. Pakatha masabata awiri awawerengere: "Agogo, tsiku loyamba munaimirira kawiri, lero kasanu ndi kawiri." Kuyamikira kukhale kwa chinthu chenicheni chimene mwaona. Kuombera m'manja ngati mwana wa mkaka kumanyoza munthu wamkulu.

Pa masewera onse, amene ndimawaika patsogolo ndi kudzuka pampando ndi kukhalanso, chifukwa ndiwo khomo la zonse: chimbudzi, bedi, galimoto, tchalitchi. Pezani mpando wolimba wa manja, wautali moti akakhala chiuno chikhale pamwamba pang'ono kuposa mawondo. Sofa yonyoshoka, mpando wa ndalema ndi kampando ka kukhitchini ayi. Uyedzamitseni kukhoma kuti usathawe. Amayi asunthire kutsogolo kwa mpando, mapazi atalikirane pang'ono ndipo abwerere kumbuyo mpaka akhale pansi pa mawondo. Ngati mwendo wovulala ukuwawa, phazi lake likhale patsogolo pang'ono. Manja agwire manja a mpando, osati chitsulo choyendera, chifukwa akachikoka chimawagwera. Aweramire kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa mawondo, akankhe pansi ndi mapazi onse awiri, aimirire, kenako agwire chitsulo. Awongoke, ayang'ane kutsogolo, apume katatu. Pokhala abwerere m'mbuyo mpaka amve mpando kuseri kwa miyendo, afikitse dzanja pampando, atsike pang'onopang'ono osadzigwetsa. Kutsika modekhako ndiko kumamanga ntchafu. Yambani ndi katatu kapena kasanu, m'mawa ndi madzulo. Akamafika kakhumi mosavuta, agwiritse dzanja limodzi, kenako opanda manja. Muyang'anitsitse chinthu chimodzi: ambiri amabera, kulemera konse amakuika pamwendo wabwino. Ikani dzanja lanu pantchafu ya mwendo wovulala, muimve ikuuma pamene akudzuka.

Masewera ena onse ali papepala lanu, ndingotchula amene sayenera kusowa. Ataimirira atagwira chitsulo kapena zenera: kunyamuka pa zala za kuphazi, kuponda pamodzimodzi ngati akuguba, kutsegula mwendo cham'mbali osapendeka thupi. Minofu ya m'mbali mwa thako imeneyi ndiyo ikafooka munthu amatsimphina. Atakhala: kuwongola bondo n'kuligwira masekondi asanu, ndipo zikapepuka mumange kathumba ka mchenga ka theka la kilogalamu pakakolo, pambuyo pake kilogalamu imodzi. Masewera amene sakuwonjezeredwa kulemera amasiya kupindula. Ngati akumaliza osamva kuti agwira ntchito, nthawi yowonjezera yakwana. Olemetsawa achitike katatu pa sabata, kuyenda tsiku lililonse. Ku New Zealand, ndondomeko ya yunivesite ya Otago ya masewera a mphamvu ndi kukhazikika poima, katatu pa sabata kunyumba, inachepetsa kugwa kwa okalamba ndi 35 peresenti.

Kuyenda kukhale ndi kopita. Chakudya chizidyedwa patebulo kapena pakhonde. Wailesi ikhale pabalaza. Apatseni ntchito zawo zakale zimene zimachitika atakhala pampando: kusankha nyemba, kusadzula nkhwani, kutongola chimanga, kulawa ndiwo n'kunena ngati mchere wakwana. Kenako zoimirira: kutsuka makapu pathandala, kuthirira mpiru wobzalidwa m'matumba pafupi ndi khonde. Mitunda ifupiifupi kangapo pa tsiku imaposa ulendo umodzi wautali umene umawagoneka mawa lake. Pa sitepe, pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wovulala. Akadzasiya chitsulo n'kutenga ndodo, ndodoyo igwiridwe ndi dzanja la mbali yabwino, osati ya mwendo wovulala.

Funsani adokotala kuti chitsulo anaikacho ndi chotani. Ngati anangolumikiza fupa ndi misomali kapena chitsulo cha mkati mwa fupa, kawirikawiri sipakhala zoletsa zambiri pa kupinda. Ngati anachotsa mutu wa fupa n'kuikapo wachitsulo, madokotala ambiri amaletsa kwa masabata angapo kupinda chiuno kwambiri, kupingasa miyendo ndi kupotokolera phazi mkati, kuopa kuti ungaguluke. Mulimonsemo, kunjuta pachimbudzi chokumba ndi kugona pamphasa zidikire kaye. Kalipentala akupangireni mpando wolimba wa manja wobowola pakati, woti uziikidwa pamwamba pa dzenje masana, ndipo usiku uzikhala pafupi ndi bedi ndowa ili pansi. Kubafa ikani mpando ndi mtengo wogwira wozikika bwino, ndipo pamene anaterereka paja pathiridwe miyala kapena simenti yokhakhala. Asadzapiteko koyamba ali okha. Usiku tochi ikhale pamtsamiro. Mapatapata ndi masokosi pasimenti yopolisha zachotsa anthu ambiri pansi. Avale nsapato zogwira chidendene. Chotsani timikeka ndi zingwe za magetsi m'njira. Ngati maso achita ng'ala, opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo imachepetsa kugwa.

Minofu simangidwa ndi phala loyera ndi tiyi. Wachikulire amafunika chakudya chomanga thupi chokwana galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa tsiku, pokhapokha ngati ali ndi vuto la impso. Wa makilogalamu 50 ndiye kuti magalamu 50 mpaka 60, pamene dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Choncho pa chakudya chilichonse pakhale chimodzi mwa izi: dzira, nyemba, nandolo, soya, nsinjiro m'phala, mkaka kapena chambiko, nsomba, nyama. Usipa ndi matemba n'zabwino kwambiri chifukwa zimadyedwa ndi minga yomwe, mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Ngati mano ndi ovuta, zisinjeni muthire m'ndiwo. Bonongwe ndi chisoso zisasowe. Kuwothera dzuwa la m'mawa pakhonde kumapatsa thupi vitamini D, komanso ndi chifukwa china chotulukira m'chipinda.

Munthu amene wathyoka kamodzi chifukwa cha kupepuka kwa mafupa ali pa chiopsezo chachikulu chothyokanso, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Mukapitanso kuchipatala funsani za mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, pamodzi ndi kashiamu ndi vitamini D. Tengani mankhwala onse amene amamwa, a kuchipatala ndi ogula, akawaone. Ogonetsa tulo ndi ena a BP amagwetsa, ndipo prednisolone womwedwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa. Kwa amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, mankhwalawa amathanso kupepukitsa mafupa pang'ono. Asasiye kumwa, koma a kukiliniki adziwe kuti anathyoka. Pemphaninso kuti a mafizo awaonenso maso ndi maso, osangodalira pepala. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi nthambi za mafizo, ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023, ndipo ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre. Ngakhale ulendo umodzi pamwezi umathandiza, chifukwa amakonza zolakwika ndi kuwonjezera masewera, ndipo achikulire ambiri amamvera wa yunifolomu kuposa mwana wawo.

Kwa owerenga ena amene kholo lawo silinachitidwe opaleshoni, kaya linakokedwa mwendo ndi zolemera pabedi kapena linabwezedwa kunyumba: zopondera mwendo zimene ndafotokozazi musayambe popanda chilolezo cha amene akumuona. Koma kugwedeza akakolo, kuumitsa ntchafu ndi matako, kupuma mozama, kulimbitsa mikono ndi mwendo wabwino, ndi kutembenuzidwa maola awiri alionse zimayamba tsiku loyamba.

Zizindikiro izi zikaoneka siyani masewera mupite kuchipatala msanga: ululu wobaya m'mphechepeche kapena m'ntchafu umene ukukula tsiku ndi tsiku, kulephera kupondera mwendo umene dzulo amaupondera, mwendo kufupika kapena phazi kugwera kunja, bala kufiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, katumba kutupa ndi kuwawa mbali imodzi, kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Akagwanso, ngakhale anene kuti sizinapweteke, akajambulidwe ngati kayendedwe kasintha.

Masiku okana adzakhalapo, ngakhale zinthu zitayamba kuyenda. Tsiku lotero musakangane nawo ndipo musawawerengere ndalama zimene mwawononga. Apatseni chosankha m'malo mwa lamulo: "Tiyambe pano kapena mukatha kumwa tiyi? Tipite pakhonde kapena pabalaza?" Akakanabe, pemphani chimodzi chokha, kuimirira kamodzi kuti muyalule pabedi, ndipo chimenecho chilembedwe m'kope. Sankhani munthu mmodzi amene amamumvera kwambiri, kawirikawiri amakhala mdzukulu kapena mchemwali wawo, kuti ndiye azitsogolera, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, makamaka m'mawa atasamba ndi kudya pamene mphamvu zilipo. Inunso mugawane ntchitoyi ndi abale anu, chifukwa wosamalira wotopa sachedwa kupsa mtima. Mukayesa zonsezi kwa masabata awiri amayi osasuntha n'komwe, kapena akubwerera m'mbuyo, musadikire tsiku limene anakulemberani. Bwererani nawo kuchipatala mukanene kuti sakudzuka, ndipo mupemphe kuti awaone ululu, magazi, maganizo ndi chitsulo cha m'chiunocho.